Kulinganiza Mfuti ndi Diso: Nchito ya Msilikari Imene Ambiri Saiona

Anthu a m'komboni ya Kanyama, kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, aidziwa mfuti ya msilikari poiona ndi maso ao. Kumapeto kwa December 2017 Pulezidenti Edgar Lungu analamula magulu a nkhondo kuti athandize kulimbana ndi mliri wa kolera. Pa 7 January 2018 Boma linaletsa anthu a ku Kanyama kuyenda usiku, ndipo pa 12 January, pamene kunabuka cipolowe cifukwa ca lamulo limeneli ndi kuletsedwa kwa malonda a m'miseu, asilikari analowa m'kombonimo kukakhazikitsa bata. Anatumidwanso m'miseu ya Lusaka mu August 2021, cisankho ca pa 12 August cili pafupi, pambuyo pa kuphedwa kwa anthu awiri ku Kanyama komweko pa mikangano ya ndale.

Mai wogulitsa tomato pamseu, kapena mwana wocokera kusukulu, akaona mfuti ili paphewa la msilikari, aganiza kuti mwini wace akangoilozetsa pa cinthu, cipolopolo cifika pomwepo. Sizitero ai. Mfuti yocokera kumene ku fakitale, kapena imene yagona nthawi yaitali m'nyumba yosungiramo zida, kawiri-kawiri iponya cipolopolo pambali pa malo amene diso la woombera lasankha. Ndico cifukwa cace mfuti iyenera kuyamba yayesedwa ndi kukonzedwa, kuti diso ndi cipolopolo zigwirizane, msilikari asanatumidwe nayo kunchito. Asilikari amaicha nchito imeneyi zeroing pa Cingelezi. Pa Cinyanja ndiko kulinganiza mfuti.

DISO LIONA MOONGOKA, CIPOLOPOLO CIYENDA MOKHOTA

Mnyamata wofuna kugwetsa bango la mango lili patsidya pa mtsinje saponya mwala moongoka. Auponya m'mwamba pang'ono, podziwa kuti mwalawo udzayamba kutsika m'njira. Cipolopolo naco citero, ngakhale liwiro lace ndi loopsa. Ca mfuti ya AKM, imene ili mbale wace wa AK-47, cituruka ndi liwiro la mamita 715 pa sekondi imodzi, koma cikangoturuka kukamwa kwa mfuti, dziko liyamba kucikokera pansi. Cotero mpope wa mfuti uyenera kupenya m'mwamba pang'ono, kuti cipolopolo cikwere, citsike, ndi kukakomana ndi mzere wa diso pa mtunda umene wafunidwa.

Zogwirizanitsa diso ndi mpope ndi tizitsulo tiwiri tating'ono tili pamwamba pa mfuti. Kutsogolo, pafupi ndi kukamwa, kuli kamsomali koimirira. Kumbuyo kuli kacitsulo kokhala ndi kampata, kolembedwa manambala a mtunda. Woombera aika kamsomali pakati peni-peni pa kampata, nsonga yace ilingane ndi milomo ya kampatako, ndipo pamwamba pa nsongayo aikapo candamale.

Pa mfuti ya AKM tizitsulo timeneti titalikirana masentimita 38 okha. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Kamsomali kakasendera pambali ndi milimita imodzi, cipolopolo ciphonya ndi masentimita 26 pa mtunda wa mamita 100. Pa mamita 300 ciphonya ndi masentimita 78, ndiko kuti cidutsa pambali pa munthu wamkulu osakhudza ngakhale malaya ace. Ndipo kuti kamsomali kasendere sipafunika zambiri: mfuti ikagwa pamwala, kapena ikagunda citsulo ca galimoto pa mseu wa maenje, zatha.

Alenje akale a m'cigwa ca Luangwa, amene anali kupita ku uzimba ndi gogodera, anali kudziwa khalidwe la mfuti yao monga mlimi adziwa khalidwe la ng'ombe yace yapagoli. Anali kuti iyi ikokera kumanzere, iyo iponya pansi, ndipo poombera anali kusendeza dala diso lao. Msilikari saloledwa kudalira nzeru yotere. Pa nthawi ya mantha, mtima uli phaphapha, palibe amene akumbukira kuti mfuti yace ikokera kuti. Colakwa cikonzedwa pa citsulo, tsiku la mtendere, kuti tsiku la zoopsa munthu angoika kamsomali pamene afuna.

Mabanja ambiri a m'dziko lino ali ndi wina amene anagonapo cafufumimba pa bwalo loomberapo. Agogo amene analowa Northern Rhodesia Regiment anaphunzira ndi mfuti ya .303, namenya nayo nkhondo ku Tug Argan m'dziko la Somaliland mu August 1940, ndi ku Burma pambuyo pace. Maina a misasa ya asilikari, monga Tug Argan ku Ndola, Chindwin ndi Kohima ku Kabwe, ndi Arakan mu Lusaka, akumbutsa nkhondo imeneyo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, asilikari anagwira mfuti zochedwa SLR, ndipo kenaka zinafika za mtundu wa AK, zimene Mikhail Kalashnikov wa ku Soviet Union anayamba kupanga mu 1947. Lamulo lokhazikitsa Zambia National Service linapangidwa mu 1971, ndipo kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1970 anyamata ndi atsikana otsiriza Fomu 5 anali kukakamizidwa kulowa m'misasa kwa miyezi 20, mwambo umene unalekeka ca m'ma 1980. Sanali masewera. Pa 19 October 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo mu November 1979, milatho itaphulitsidwa, kuphatikizapo wa pa Chongwe pa mseu wopita kum'mawa, Pulezidenti Kenneth Kaunda anaitana onse ophunzira zausilikari kuti abwerere kunchito. Madoda ndi amai ambiri a ku Kanyama, Matero, Katete ndi Petauke, amene lero ali ndi imvi, akumbukira phewa lotupa la tsiku lao loyamba kuombera.

TSIKU LA PA RENJI

Bwalo loomberapo, limene asilikari amalicha renji, likhala kutali ndi nyumba za anthu. Kumapeto kwace kuli cimtumbira cacikulu ca dothi cogwira zipolopolo, ndipo kuseri kwa cimtumbiraco kuli thengo lalikulu loletsedwa, la zipolopolo zodumpha. Kusanayambike kuombera akweza mbendera zofiira, naika alonda pa njira zonse zolowera. Nchito yolinganiza mfuti aikonda m'mawa, mphepo isanadzuke, pakuti mphepo yoomba copingasa ikankha cipolopolo, ndipo munthu angayambe kukonza mfuti yosalakwa. Mphepo ya pfumbi ya mwezi wa August ndi mdani wa nchito imeneyi.

Pa renji pali mau a munthu mmodzi yekha, ofisala woyang'anira. Palibe woika magazini, palibe wokoka mfuti, palibe woombera, iye asanalamule. Mfuti zonse zipenya kumodzi, kucimtumbira. Wophunzira amene atembenuka ndi mfuti m'manja kuti afunse funso aiona mbali ya sajeni imene sanaionepo, ndipo sajeniyo sacimwa.

Wophunzirayo agona cafufumimba, miyendo yotambalala, zigongono zozikika pansi, dzanja lakumanzere litatsamira pa thumba la mcenga. Thako la mfuti alikanikiza paphewa, tsaya naligoneka pa mtengo wa mfutiyo, pamalo amodzi-modzi nthawi zonse. Alangizi amaphunzitsa kuti mfuti iyenera kuloza candamale yokha, popanda kuikakamiza ndi minyewa. Njira yoyesera ndi yapafupi: munthu alunjika, natsinzina, napuma kawiri, natsegula maso. Akapeza kuti kamsomali kacoka pa candamale, asendeza thupi lonse, osati manja okha. Pambuyo pace aturutsa mpweya pang'ono, naugwira, nakoka kacitsulo kokhethemulira mfuti pang'ono-pang'ono ndi nsonga ya cala, kufikira mfutiyo ilira yokha ngati yomdzidzimutsa. Ikalira sautsa mutu msanga, koma akhalabe momwemo kamphindi.

Zonsezi nzosavuta kuzinena. Covuta ndi mantha. Munthu amene sanaomberepo ayembekezera phokoso ndi kukankha kwa mfuti, ndipo posadziwa atsinzina, nakankhira phewa kutsogolo, nakoka cala mwamphamvu cipolopolo cisanaturuke. Akafunsidwa akana kwa mtu wa galu. Alangizi ocenjera ali ndi msampha wace: pakati pa zipolopolo zenizeni abisa cimodzi cosaphulika. Wophunzira akafika pa cimeneco, mfuti ingoti kha, koma kukamwa kwace kugwa pansi ngati khasu, ndipo iye mwini aona ndi maso ace cimene wakhala alikucita.

Pa cifukwa cimeneci, m'ulendo woyamba alangizi safunsa ngati munthu walasa pakati pa candamale. Afunsa ngati zipolopolo zace zagwera pamodzi. Mabowo akakhala pafupi-pafupi, ngakhale onse ali kungodya ya pepala, woomberayo ali bwino, ndipo yolakwa ndi mfuti. Koma mabowo akamwazikana, lina kumwamba, lina kumanzere, lina osaoneka nkomwe, wolakwa ndi munthu, ndipo kukhudza kamsomali ndi kutaya nthawi. Wotere abwezedwa kukaphunziranso kagonedwe ndi kapumidwe wopanda zipolopolo. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mlangizi wopupuluma, amene afulumira kupotoza citsulo kuti mzere wa ophunzira uthe msanga, aononga mfuti ndi munthu yemwe.

MABOWO ANAI PA PEPALA

Buku la malangizo la opanga mfuti ya AKM lilongosola muyeso wace mosasiya kanthu. Candamale ciikidwa pa mamita 100. Ndi cikwangwani coyera, ndipo pakati pace pali cibanthu cakuda ca masentimita 35 m'litali ndi 25 m'lifupi. Kacitsulo ka kumbuyo kaikidwa pa nambala 3, kutanthauza mamita 300. Woombera alunjika pakati pa mzere wapansi wa cibanthu cakudaco, naombera zipolopolo zinai, cimodzi-cimodzi.

Mfuti zonse zikaturutsidwa zipolopolo ndi kuonetsedwa kwa ofisala, anthu apita kukaona mapepala ao. Mabowo anai aja ayenera kulowa m'mkombero wa masentimita 15 kupingasa kwace. Akalowa, afuna pakati pao. Alemba mzere pakati pa mabowo awiri oyandikana, naugawa pawiri. Kucokera pamenepo alemba mzere wopita ku bowo lacitatu, naugawa patatu, natenga gawo loyandikira awiri oyamba aja. Kucokera pamenepo alembanso wopita ku bowo lacinai, naugawa panai, natenganso gawo lapafupi. Kadontho kotsiriza ndiko mtima wa mabowo onse, ndipo ndiko kanena zoona za mfutiyo.

Codabwitsa kwa wophunzira watsopano ncakuti kadonthoko sikayenera kukhala pamene iye analunjika. Kayenera kukhala masentimita 25 pamwamba pace. Cifukwa cace ndi mwala wa mnyamata wa mango uja: mfuti yaikidwa pa mamita 300, cotero pa mamita 100 cipolopolo cili m'mwamba mwa mzere wa diso, ndipo cidzatsikira pa mzerewo cikafika pa 300. Kadontho kakaphonya malo amenewa ndi masentimita osapitirira 5, mfuti ili bwino. Kakapitirira, aitana mmisiri wa zida.

Kamsomali ka kutsogolo kali ndi mazinga ngati bauti. Kukazunguza kamodzi kwathunthu kusuntha mabowo ndi masentimita 20 pa mamita 100. Zipolopolo zikagwa m'munsi, kamsomali akalowetsa. Zikapita m'mwamba, akaturutsa. Zikapita kumanzere, akankhira kumanzere komweko kacitsulo kamene kamsomali kakhalapo. Zikapita kumanja, kumanja. Ambiri asokonezeka apa, poganiza kuti kamsomali kayenera kuthawa kumene zipolopolo zapita, pamene kayenera kuzitsata. Mwacitsanzo, mtima wa mabowo ukapezeka masentimita 10 m'munsi ndi masentimita 13 kumanzere kwa malo oyenera, mmisiri alowetsa kamsomali ndi theka la kuzunguza, nakasendezera kumanzere ndi theka la milimita. Theka la milimita silioneka bwino ndi maso, ndipo ndico cifukwa cace nchitoyi icitika ndi kacipangizo kace, osati ndi mwala kapena msomali wotola pansi.

Akatero woombera agonanso, naombera zinai zina. Nthawi zina zitheka pa ulendo waciwiri, nthawi zina pa wacitatu. Zikatheka, mmisiri afafaniza kacizindikiro kakale pa citsulo ca kamsomali, nadinda katsopano, kuti tsiku lina kakadzasendera mwini wace adzaone msanga. Zopezekazo zilembedwa pa khadi la mfutiyo pamodzi ndi nambala yace.

Pali kusiyana pakati pa miyambo iwiri ya usilikari imene inakomana m'dziko lino. M'mwambo wa ku Soviet Union, kumene mfuti za AK zinacokera, mfuti zinali kuyesedwa ndi akatswiri osankhidwa a m'gulu, mwini mfuti ali pomwepo kupenyerera. M'mwambo wa ku Britain, umene unabala Northern Rhodesia Regiment, msilikari aliyense aombera yekha polinganiza mfuti yace, pakuti anthu awiri saika tsaya mofanana ndipo saona kamsomali mofanana. Mwambo waciwiriwu udya zipolopolo zambiri ndi nthawi yambiri, koma uli ndi phindu limene woyambawo ulibe: munthu amene waona ndi maso ace mabowo alikusendera pakati pa pepala aikhulupirira mfuti yace, ndipo wokhulupirira mfuti yace saombera mwacisawawa. Pa cinthu cimodzi miyambo yonse iwiri igwirizana. Mfuti iyesedwanso ikacokera kokonzedwa, ikasinthidwa ziwalo, kapena ikayamba kuponya modabwitsa. Asilikari opita kukasungitsa mtendere pansi pa United Nations, monga a Zambia amene anayamba kutumizidwa ku Central African Republic mu 2015, afunika kutsimikiza zimenezi asanayambe nchito m'dziko la eni.

CIPOLOPOLO COPHONYA CIPITA KUTI?

Pa renji cipolopolo cophonya cithera m'dothi la cimtumbira. M'komboni mulibe cimtumbira. Cipolopolo ca AKM cikhoza kuuluka mamita 3,000, mtunda umene munthu ayenda ndi miyendo kwa mphindi 40, ndipo buku la opanga mfutiyo linena kuti pa mamita 1,500 cikali ndi mphamvu yakupha. Malata siciwaona ngati kanthu, citseko ca matabwa cimodzi-modzi, ndipo cikagunda mwala kapena khoma la simenti copendekeka, cinjanja ndi kutenga njira ina imene woombera sanailote. Ku Kanyama nthaka ndi ya miyala, ndipo miyalayo ili poyera m'miseu yambiri.

Kalembera wa anthu wa mu 2022 anapeza anthu opitirira 500,000 m'dera la Kanyama, ndipo m'mbali zambiri nyumba zili zothinana kotero kuti munthu atambasula dzanja kucokera pakhomo pace nakhudza khoma la mnzace. Pamalo otere masentimita 78 aja sali nambala ya pa pepala cabe. Ndi mtunda wa pakati pa munthu amene anafunidwa ndi mwana amene anali kutunga madzi kumbuyo kwace. Ngakhale kuombera m'mwamba koopseza anthu, kumene ambiri akuyesa kopanda ngozi, kuli ndi ngozi yace, pakuti cokwera ciyenera kutsika, ndipo cipolopolo coomberedwa copendekeka citsika cikali ndi liwiro lokwanira kuboola mutu.

Zipolopolo zigulidwa ndi ndalama za msonkho, ndipo m'maiko ambiri osauka ndalama zikacepa, cimene ciyamba kudulidwa ndi zipolopolo za maphunziro, cifukwa kusowa kwace sikuoneka pa perete. Msilikari wa nsapato zonyezimira aoneka bwino mofanana, kaya anaombera mwezi watha kaya zaka zitatu zapitazo. Kusunga ndalama kotere nkwabodza. Zipolopolo 12 kapena 16 zolinganizira mfuti imodzi nzochipa poyerekeza ndi maliro amodzi a munthu wosalakwa. Ndipo zimenezi zikhudza aliyense wonyamula mfuti m'dzina la lamulo, kaya ndi msilikari, wapolisi, kapena woyang'anira nyama zam'thengo.

Anthu a m'midzi yoyandikana ndi malo ophunzirirapo asilikari, monga a ku Lukanga m'cigawo ca Pakati kapena a pafupi ndi msasa wa Chiwoko ku Katete, ali ndi mbali yao. Mbendera yofiira ikakwera, abusa a ng'ombe, otola nkhuni, ofula njuci ndi ochera mbewa asalowe m'thengo loletsedwa, ngakhale kuli zii, pakuti cete wa pa renji kawiri-kawiri atanthauza kuti asilikari apita kukaona mapepala ao ndipo ayambanso posacedwa. Ana aletsedwe kutola zitsulo m'malo amenewa. Malonda a zitsulo zakutha akopa anyamata ambiri, koma pakati pa zitsulo zotere pakhoza kukhala bomba limene linakana kuphulika tsiku lace, ndipo likhoza kuphulika pa nyundo ya wofuna kuliphwanya kapena pa moto wa ana. Woona cinthu cotere asacikhudze. Auze a mfumu kapena apolisi.

Kuombera kukatha, nchito ya pa renji ikali. Ophunzira afola mzere, nayenda cowerama kutola makoko a zipolopolo m'udzu, ndipo makokowo awerengedwa kuti alingane ndi zipolopolo zimene zinaturuka m'bokosi m'mawa. Likasowa limodzi, gulu lonse libwerera m'udzu, ngakhale dzuwa litapendeka ndipo nsima irikuzizira kumsasa. M'magulu otsata mwambo wa ku Britain, msilikari aliyense aimirira pamaso pa ofisala, nanena ndi pakamwa pace kuti alibe cipolopolo kapena khoko m'thumba mwace, ndipo wopezeka nalo pambuyo pa mau amenewa aimbidwa mlandu. Pamenepo mbendera zofiira zitsitsidwa, alonda aitanidwa, ndipo mfuti zipasulidwa ndi kupukutidwa ndi mafuta, osakhudza kamsomali ka kutsogolo. Madzulo iliyonse ibwezedwa m'nyumba ya zida pa malo a nambala yace, kuti m'mawa mwace msilikari adzatenge yomwe ija analinganiza, osati ya mnzace.